Kasukulu ka Sayansi ka ku Philadelphia ndi Makolo Ake

Mu Seputembala 2006, mumzinda wa Philadelphia ku America munatsegulidwa masukulu awiri aboma a sekondale omwe ankalonjeza kuphunzitsa ana mwa njira yachilendo. Yoyamba, School of the Future, inali chinyumba chatsopano chonyezimira chomwe chinadya madola oposa 60 miliyoni, ndipo akatswiri a kampani ya Microsoft ndiwo anathandiza kukonza dongosolo lake. Atolankhani onse anakhamukira kumeneko. Yachiwiri, Science Leadership Academy, yomwe eni mzinda amangoti SLA, inayambira m'nyumba ya lendi yomwe kale munali maofesi, pamphambano ya misewu ya 22nd ndi Arch. Inali ndi ana ongopitirira 100 pang'ono, ndipo inalibe ngakhale bwalo lamasewero.

Patapita zaka zochepa, aphunzitsi ochokera m'madera akutali ankakwera ndege kukaona sukulu yachiwiriyo. Ambiri ankaganiza kuti akukaona zatsopano, pomwe maganizo omwe SLA inakhazikikapo anali atayesedwa kale mumzinda womwewo kangapo konse, kuyambira dziko la America lisanadziimire palokha.

Woyamba kuwayesa anali Benjamin Franklin, wosindikiza mabuku amene sukulu anangoilawa zaka ziwiri zokha. Mu 1749 iye anafalitsa kabuku kopempha anthu a ku Pennsylvania kuti amange sukulu yosiyana ndi za nthawiyo, zomwe zinkathera zaka zambiri pa Chilatini ndi Chigiriki. Ankafuna kuti anyamata aziphunzira kulemba Chingerezi chomveka, masamu, kujambula, za chilengedwe ndi kayendedwe ka makina, ndiponso kuti azigwira khasu m'dimba ndi kuyendera minda ya alimi ochita bwino. Sukuluyo inatsegulidwadi mu 1751, ndipo ndi imene inadzakula n'kukhala University of Pennsylvania. Koma akuluakulu oyang'anira, omwe ambiri anali anthu olemera, anakondera mbali ya Chilatini, mbali ya Franklin n'kumanyozera. Mu 1789, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, nkhalambayo inali ikudandaulabe polemba kuti cholinga choyamba cha sukuluyo chinatayidwa.

Dzina lake linadzatola ntchitoyo patapita zaka 35. Mu 1824, Samuel Vaughan Merrick, mnyamata amene anapezeka akuyendetsa fakitale asakudziwa zambiri za makina, anagwirizana ndi William Keating, mphunzitsi wa sayansi ya miyala ndi mankhwala, kukhazikitsa bungwe la Franklin Institute. Cholinga chinali choti amisiri wamba, osula zitsulo, akalipentala ndi okonza makina, apeze malo ophunzirira chifukwa chimene zinthu zimayendera momwe zimayendera. Madzulo akaweruka kuntchito ankamvera nkhani za sayansi ndi kuphunzira kujambula mapulani. Chaka chilichonse bungweli linkachititsa chionetsero cha katundu wopangidwa m'mafakitale a m'dzikomo, ndipo m'zaka za m'ma 1830 boma linalipatsa ndalama kuti lifufuze chimene chinkaphulitsa maboila a sitima zapamadzi, ngozi yomwe inkapha anthu ambiri m'mitsinje ya America. Mu 1826 linatsegulanso sukulu yakeyake ya sekondale. Sinakhalitse, koma inaonetsa akuluakulu a mzinda kuti makolo osalemera akufuna maphunziro oterewa.

Mzindawo unayankha ndi Central High School, sukulu yaulere yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1838: anyamata 63 ndi aphunzitsi 4. Mtsogoleri wake woyamba anali Alexander Dallas Bache, mdzukulutuvi wa Franklin, yemwenso anatsogolera kafukufuku wa maboila uja. Central inali ndi malo akeake oonerapo nyenyezi, chinthu chomwe makoleji ambiri a nthawiyo analibe. Zipatso zake zinaoneka bwino mwa mnyamata wina, Elihu Thomson, amene anamaliza maphunziro pasukulupo mu 1870, n'kubwereranso kudzaphunzitsa. Iye ndi mphunzitsi wake wakale, Edwin Houston, ankathera nthawi yawo yopuma akuyesa makina opanga magetsi, ena mwa iwo ku Franklin Institute komweko. Kampani yotchedwa ndi maina awo, Thomson-Houston, inaphatikizana ndi ya Thomas Edison mu 1892 n'kubala General Electric. Aphunzitsi awiri a sekondale yaboma ali m'gulu la makolo a imodzi mwa makampani akuluakulu padziko lonse.

Koma khomo la Central linali lopapatiza. Polowa pankafunika mayeso ovuta, ndipo atsikana sanaloledwe kufikira mu 1983, khoti litalamula. Ana a anthu akuda nawo kwa zaka zambiri ankadalira sukulu ina, Institute for Colored Youth, yomwe inayamba ndi chuma chimene Richard Humphreys, wa mpingo wa Quaker, anasiya pomwalira. Kumeneko ndi kumene Edward Bouchet anaphunzitsa sayansi zaka 26. Bouchet anali munthu wakuda woyamba kulandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya ku America, ndipo anailandira ku Yale mu 1876 pa phunziro la physics. Mzungu wa maphunziro ngati amenewo akanatha kupeza mpando pa yunivesite. Iye zitseko zinamutsekekera, ndipo amene anapindula ndi tsankholo, ngati n'kupindula, anali ana a pasukulu yaing'onoyo.

Chaka chomwecho cha 1876 Philadelphia inachititsa chionetsero chachikulu chokumbukira kuti papita zaka 100 chilandirireni ufulu. Anthu pafupifupi 10 miliyoni analowa pazipata za ku Fairmount Park kukaona chiinjini cha Corliss ndi telefoni ya Alexander Graham Bell. Aphunzitsi ena anakopeka ndi kangodya kopanda phokoso komwe sukulu ya zaumisiri ya ku Moscow, yotsogoleredwa ndi Victor Della Vos, inayala zipangizo ndi timatabwa ndi tizitsulo toonetsa momwe angaphunzitsire luso la manja pang'onopang'ono m'kalasi, mwana osafunika kukakhala zaka zambiri pansi pa mmisiri. John Runkle, mkulu wa sukulu ya ukachenjede ya MIT, anabwerera ku Boston atatengeka nazo. Fanny Jackson Coppin, mphunzitsi wamkulu wa Institute for Colored Youth, anayamba kusonkhetsa ndalama zotsegulira nthambi ya ntchito zamanja, yomwe inatheka mu 1889. Mzindawo unatsegula sukulu yake ya maphunziro a manja mu 1885.

Apa mpamene maganizo abwino anapotokera. Franklin ankafuna manja ndi mutu zigwirire limodzi mwa mwana mmodzi. Zomwe zinachitika n'zakuti masukulu anagawa ana: awa a mutu, awa a manja, ndipo sipankafunika kuombeza kuti udziwe mwana wa ndani apita mbali iti. Mu 1902 oyang'anira Institute for Colored Youth anaganiza zoti ana akuda akufunika ntchito zamanja koposa maphunziro apamwamba, nakonza zosamutsira sukuluyo kumudzi ku Cheyney. Bouchet ntchito inamuthera pomwepo.

Zaka 60 zotsatira zinali za masukulu akuluakulu. Philadelphia inali mzinda wa mafakitale a nsalu, zipewa, sitima ndi mainjini a njanji, ndipo pofika 1950 munali anthu opitirira 2 miliyoni. Masukulu a sekondale anamangidwa mofanana ndi mafakitalewo: ana zikwi ziwiri kapena zitatu, belu likalira onse kusintha chipinda. Kenaka mafakitale anayamba kutsekedwa, mabanja opeza bwino n'kusamukira kunja kwa mzinda pamodzi ndi msonkho wawo, moti pofika 2000 munatsala anthu 1.5 miliyoni. Zinyumba zikuluzikulu zija zinatsala ndi ana osauka, madenga odontha, ndi aphunzitsi omwe sakanatha kudziwa maina a ana onse odutsa m'manja mwawo pa tsiku.

Panthawiyi Franklin Institute inali itasintha. Mu 1934 inasamukira pa msewu waukulu wa Benjamin Franklin Parkway n'kukhala nyumba yoonetsera za sayansi komwe alendo amaloledwa kugwira ndi kupukusa zinthu. Kuyambira 1954 muli chimtima cha munthu chachikulu moti ana amalowa mkati n'kuyenda momwe magazi amayendera. Msewu womwewo uli ndi laibulale yaikulu ya mzinda, nyumba ya zojambulajambula, ndi ina ya za chilengedwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 akuluakulu a maphunziro anadzifunsa kuti: bwanji osangosandutsa msewu wonsewo sukulu? Mu 1969 anayambitsa Parkway Program, yomwe inatchuka kuti sukulu yopanda makoma, motsogozedwa ndi John Bremer wochokera ku England. Ana pafupifupi 140 oyamba anasankhidwa mwa maere, osati mayeso. Sayansi ankakaphunzira ku Franklin Institute, utolankhani kunyumba zofalitsa nkhani, ndipo aliyense anali m'kagulu kakang'ono kokumana ndi mphunzitsi mmodzi kawirikawiri. Dziko lonse linaikamba. Koma sukulu yodalira zipinda zobwereka ndi chifundo cha mabungwe imavuta kuisunga, ndipo m'kupita kwa zaka Parkway inabwerera m'makoma. Lero dzinalo lili pa masukulu angapo okhala ndi nyumba ndi mabelu awo.

Mu 1979 mzindawo unatsegula George Washington Carver High School of Engineering and Science pafupi ndi Temple University, sukulu yosankha ana okhoza bwino yomwe mpaka lero imatulutsa ana ambiri akuda opita ku maphunziro a uinjiniya. Kaphunzitsidwe kake n'kozolowereka: mabuku, labotale, mayeso.

SLA inabadwa pa nthawi ya chipwirikiti. Mu Disembala 2001 boma la chigawo cha Pennsylvania linalanda ulamuliro wa masukulu a mzindawo chifukwa cha ngongole ndi kulephera kwa ana, ndipo mu 2002 linabweretsa Paul Vallas kuchokera ku Chicago kuti awayendetse. Inali nyengo yomwe America yense ankakhulupirira masukulu ang'onoang'ono. Deborah Meier anali ataonetsa ku East Harlem, ku New York, kuti ana osauka amachita bwino pasukulu yomwe aliyense amadziwika, ndipo bungwe la Bill ndi Melinda Gates linathira madola pafupifupi 2 biliyoni pa ganizoli. Vallas anatsegula masukulu a sekondale ang'onoang'ono oposa 20, ena mogwirizana ndi mabungwe a mumzinda. Franklin Institute inavomera kukhala nkhoswe ya imodzi, ndipo anaitana Chris Lehmann, mphunzitsi wa Chingerezi wa zaka za m'ma 30 wochokera ku Beacon School ku New York, kuti adzaiyambitse.

Dongosolo lomwe Lehmann ndi aphunzitsi ake oyamba anakonza n'losavuta kulifotokoza. Sukuluyo imatenga ana pafupifupi 125 pachaka, kuyambira giredi 9 mpaka 12, zomwe n'zofanana ndi Fomu 1 mpaka 4, ndiye kuti onse pamodzi amakhala cha m'ma 500. Phunziro lililonse, kaya ndi chemistry kaya mbiri yakale, limayenda pa mfundo zisanu zomwezo: kufunsa, kufufuza, kugwirira limodzi, kuonetsa zomwe wapeza pamaso pa anthu, ndi kubwerera m'mbuyo kulingalira zomwe zayenda ndi zomwe zakanika. M'malo moti kotala iliyonse ithere pa mayeso olemba, mwana amapereka ntchito yaikulu yomwe wapanga: kachipangizo, kanema, lipoti la kafukufuku, sewero. Aphunzitsi onse amachonga potsata muyezo umodzi, kotero mwana sataya nthawi kuphunzira mtima wa mphunzitsi aliyense. Mayeso aboma a chigawo amalembabe ngati anzawo onse. Kumeneko kulibe kothawira.

Lachitatu masana m'makalasi mumakhala zii. Kuyambira pachiyambi, ana a chaka choyamba ankayenda wapansi kupita ku Franklin Institute kukaphunzira kwa ogwira ntchito kumeneko. A chaka chachiwiri ndi chachitatu amabalalika mumzinda kukaphunzira ntchito m'zipatala, m'malabotale a mayunivesite, m'maofesi a maloya, kulikonse komwe mtima wawo uli. A chaka chomaliza amakonza ntchito imodzi yaikulu yodzisankhira okha. Wodziwa mbiri ya Parkway aona msanga kuti iyi ndi sukulu yopanda makoma ija, koma yochepetsedwa kufika masana amodzi pa sabata, mlingo umene sukulu ingaupirire zaka zambiri. M'zaka zoyambirira ana a kalasi ya uinjiniya anapanga makina osandutsa mafuta ophikira kukhala dizilo mosalekeza, osati mgolo umodziumodzi. Elihu Thomson akanamva kuti ali kwawo.

Mwana aliyense amapatsidwa laputopu yopita nayo kunyumba, ndipo alendo ambiri ankayamba kufunsa za zimenezi. Lehmann ankawayankha kuti makina ayenera kukhala paliponse koma osaonekera, ngati mpweya umene timapuma osauganizira. Chimene iye ankachiika patsogolo ndi china: mphunzitsi aliyense amapatsidwa ana pafupifupi 20 oti akhale mlangizi wawo zaka zonse zinayi. Amakumana nawo sabata iliyonse, amadziwa makolo awo, ndipo mwana akayamba kujomba kapena kunyumba kukagwa zovuta, pali wamkulu mmodzi amene sangathe kunena kuti sindimadziwa. Pasukulu ya ana 3,000 zimenezi zimangokhala papepala.

Kusiyana kwake ndi School of the Future kunaonekera pomwepa. Sukulu ya Microsoft ija, yomwe inamangidwa pafupi ndi pamene panachitikira chionetsero cha 1876, inayamba yopanda mabuku, ndi maloko otsegula ndi khadi, mphunzitsi wamkulu akutchedwa wophunzira wamkulu. M'zaka zochepa zoyamba atsogoleri anasinthana kangapo, intaneti inkavuta, aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira, ndipo pang'onopang'ono inabwerera ku kaphunzitsidwe kakale. SLA inakhala ndi mtsogoleri mmodzi ndi gulu la aphunzitsi ogwirizana maganizo. Kuyambira 2008, Januwale aliyense inkachititsa msonkhano wa EduCon, wokonzedwa ndi ana ndi makolo, komwe aphunzitsi mazanamazana ankabwera kudzakambirana. Gulu loyamba linamaliza maphunziro mu 2010. Mu 2011 Lehmann analemekezedwa ku White House, ndipo mu Juni 2012 Pulezidenti Barack Obama analankhula ndi ana omaliza maphunziro a SLA ku Franklin Institute.

Komabe kuyerekeza masukulu awiriwa popanda kunena za khomo lolowera n'kubera masamu. School of the Future inkatenga ana mwa maere, ambiri ochokera m'makomboni osauka a West Philadelphia, ena osatha kuwerenga bwino. SLA imasankha. Mwana ayenera kukhala ndi magiredi abwino ndi mbiri yosajomba, ndipo mwambo wa pasukulupo unali woti abwere ndi ntchito yomwe anapanga yekha, aifotokoze pamaso pa mphunzitsi ndi wophunzira wa pasukulupo. Pa malo 125 aja pankabwera ana oposa 1,000. Zoona, njira imeneyi inkapereka mwayi kwa mwana wa chidwi amene mayeso samuonetsa bwino, ndipo SLA inasonkhanitsa ana akuda, azungu, a ku Asia ndi olankhula Chisipanishi ochokera m'mbali zonse za mzinda wogawanika kwambiri. Koma mwana amene ali ndi kholo lomuthandiza kukonzekera amafika pakhomopo ali kale patsogolo. Funso la 1838 lija, loti alowe ndani, silinayankhidwe. Mu 2021 akuluakulu a maphunziro anachotsa mphamvu zambiri zosankha ana m'manja mwa aphunzitsi aakulu a masukulu osankha, n'kuika maere a kompyuta pakati pa ana okwanitsa zofunika, ndipo mkangano wake unali woopsa.

Ngakhale ganizo lenileni la sukulu yaing'ono linadutsa m'madzi otentha. Mu 2009 Bill Gates analemba poyera kuti ambiri mwa masukulu ang'onoang'ono omwe anathandiza sanasinthe kwenikweni kakhozedwe ka ana, ndipo bungwe lake linatembenukira kwina. Chaka chotsatira ofufuza a bungwe la MDRC anayamba kutulutsa zotsatira zoonetsa kuti ku New York, ana olowa mwa maere m'masukulu ang'onoang'ono atsopano ankamaliza sekondale mochuluka kuposa anzawo omwe maere sanawagwere. Zikuoneka kuti kuchepa pakokha sikuchiritsa. Kumangopereka mpata woti akuluakulu odziwa chochita achite.

SLA inayesa kukulitsa khomo pobala ena m'malo modzikulitsa yokha. Mu 2013 inatsegula nthambi m'nyumba ya sukulu ya Beeber kumadzulo kwa mzinda, ndipo mu 2016 inayambitsa sukulu ya ana ocheperapo mothandizana ndi Drexel University, yolandira ana a m'deralo popanda kusankha.

Kutchuka konseko sikunaiteteze ku umphawi wa mwini wake. SLA ndi sukulu yaboma, aphunzitsi ake ali m'bungwe la aphunzitsi lomwelo, ndipo ndalama za malaputopu inkachita kupemphetsa chaka ndi chaka mpaka kampani ya Dell italowererapo ndi makina otsika mtengo a Chromebook. Mu 2013 thumba la maphunziro la mzindawo linaperewera madola pafupifupi 300 miliyoni. Masukulu oposa 20 anatsekedwa ndipo antchito pafupifupi 3,800 analandira makalata owachotsa, kuphatikizapo alangizi ndi alembi. Lendi ya nyumba ya pa 22nd Street, yoposa madola 1 miliyoni pachaka, inayamba kuoneka ngati mwanaalirenji. Anagamula kuti SLA isamukire pa Broad Street, ikagawane nyumba ndi Benjamin Franklin High School, sukulu ya m'dera yolandira mwana aliyense, yomwe inayamba mu 1939 m'nyumba imene Central inasiya.

Kusamukako kunachitika mu 2019, ntchito yokonza nyumbayo isanathe. Ana ndi aphunzitsi anapeza fumbi ndi phokoso la amisiri, ndipo pasanathe mwezi panapezeka asbestos wowonongeka, amene fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa. Nyumbayo inatsekedwa, ana pafupifupi 1,000 a masukulu awiriwo n'kukhala masabata angapo osaphunzira. A SLA anakasungidwa kulikulu la maphunziro ndi m'sunagoge wa Rodeph Shalom chapafupi pomwepo, pomwe a Benjamin Franklin anatumizidwa kutali kumpoto kwa mzinda, ndipo makolo sanalephere kuona kuti ana a sukulu yotchuka ndi amene apeza malo apafupi. Onse anabwerera mu Febuluwale 2020. Patangotha mwezi, mliri wa Covid-19 unatseka masukulu onse.

SLA ikadali pa Broad Street, m'nyumba imodzi ndi Benjamin Franklin High, ana osankhidwa ndi ana osasankhidwa pansi pa denga limodzi koma m'masukulu awiri. Nyumba zambiri za masukulu a Philadelphia zapitirira zaka 70, ndipo zina zakhala zikutsekedwa chifukwa cha asbestos yemweyo. Mu Febuluwale 2023, khoti la Commonwealth ku Pennsylvania linagamula kuti njira yomwe chigawocho chimagawira ndalama za masukulu, yodalira kwambiri msonkho wa nyumba za m'dera, imaphwanya malamulo aakulu a chigawocho chifukwa imamana ana a m'madera osauka.